Phokoso lathu lilimbikitse osewera

Ambiri timati timu imapambana pakwawo chifukwa idazolowera bwalo. Koma mu Meyi 2020, ligi ya ku Germany itayambiranso popanda oonerera chifukwa cha Covid-19, matimu apakhomo sadapambanenso kawirikawiri monga kale. Ofufuza adapezanso kuti oyimbira mpira adachepetsa makhadi achikasu kwa matimu oyenda. Mabwalo anali omwewo, chidasowa ndi khamu la anthu.

Apa tikuona kuti khamu limagwira ntchito ziwiri: limawapatsa mphamvu osewera, komanso limamupanikiza woyimbira. Amene adaonerapo Bullets kapena Wanderers pa Kamuzu Stadium akudziwa zimenezi.

Ntchito yoyambayo tiipitirize, yachiwiriyo tiikane. Sukulu ina ikabwera kudzasewera nafe kuno ku Mwanza, makolo ndi ophunzira tidzaze bwalo, tiimbe nyimbo mpaka mawu asase. Koma woyimbira, amene nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wongodzipereka, tisamutukwane kapena kumuopseza. Chigoli chobwera chifukwa cha mantha a woyimbira chimaphunzitsa ana athu kuti chilungamo chimagonjera aphokoso. Tikumbukirenso kuti mawa ndife amene tidzakhale alendo pabwalo la eni.