KUGULA KWA BOMA: TIYAMBIRE PATI KUTI ZINTHU ZIKHALITSE?

Wogula wamkulu m'dziko muno ndi boma. Limagula mankhwala a m'zipatala, fataleza wa alimi, madesiki, simenti, mapaipi, ngakhale coko ca aphunzitsi. Ndalama zogulirazo ndi zathu, zocokera ku msonkho umene mai wa ku Chawama amalipira mosadziwa akagula sopo kapena shuga. Masiku ano akuluakulu akunena kuti kugula kwa boma kuzikhala kosamala za mawa, ndiye kuti kosaononga cilengedwe, kopindulira anthu wamba, ndiponso kobweretsa zinthu zokhalitsa. Mau amenewa ndi abwino. Koma tiyambire pati?

Coyamba tidziwe amene agwira cikwama. Kale kunali bungwe la Zambia National Tender Board. Mu 2008 lamulo latsopano linakhazikitsa Zambia Public Procurement Authority, kapena kuti ZPPA, ndipo mu 2020 nyumba ya malamulo inapanganso lamulo lina lolowa m'malo mwa la 2008. ZPPA siipita kukagulira maunduna katundu. Nchito yake ndi kuika malamulo a kagulidwe ndi kuyang'anira. Ogula eni ake ndi maunduna, zipatala, makampani a boma ndi makhonsolo, monga khonsolo ya mzinda wa Lusaka. Ndalama za CDF nazo zimadzera ku khonsolo. Mu 2021 dera la phungu mmodzi linali kulandira K1.6 miliyoni, mu 2022 zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Motero kugula kwambiri tsopano kucitikira pakhomo pathu pomwe.

Vuto la mau akuti kusamala za mawa ndi lakuti zonse zimalowamo: utsi wa magalimoto, mapepala a m'maofesi, mapulasitiki, nchito za acinyamata, olemala, mitengo, madzi. Ofesi ikafuna kugwira zonsezi nthawi imodzi siidzagwira ngakhale cimodzi. Akulu anati ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Kusankha kuyenera kukhalapo, ndipo ine ndiona kuti miyeso yake ndi itatu. Kodi ndalama zambiri zipita kuti? Kodi ndi pati pamene kugula koipa kumapha anthu kapena kuwasaukitsa? Nanga ndi cinthu cotani cimene munthu wamba angathe kuciona ndi maso ake kuti cacitika kapena ai? Tikayesa ndi miyeso imeneyi, m'makomboni a Lusaka mutuluka zinthu zitatu.

Coyamba ndi madzi, zimbudzi ndi ngalande. Kanyama inamangidwa pa mwala wokhala ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa, zam'cimbudzi ndi zam'citsime zimakumana. Kolera ya October 2017 mpaka 2018 inagwira anthu oposa 5,000, ambiri a iwo a mu Lusaka. Tikumbukira asilikali m'misewu, misika yotsekedwa, ndi mapemphero oletsedwa m'madera ena. Inabweranso mu October 2023, ndipo m'dziko lonse inadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700. Bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anatsegulidwa pa 12 February.

Kodi kagulidwe kalowa bwanji pamenepa? Cizolowezi ca ofesi ndi kupatsa nchito amene wachula mtengo wotsika. Koma ngalande yochipa imene igumuka pa mvula yaciwiri ndiyo yodula koposa, cifukwa tiilipira kawiri, ndipo pakati pake tiika maliro. Mjigo wokumbidwa pafupi ndi zimbudzi, madzi ake osapimidwa, ndi msampha wogulidwa ndi ndalama za boma. Tsono thenda ya nchito yotere izinena poyera kuti cinthuco ciyenera kukhala zaka zingati, adzacikonza ndani cikaonongeka, zipangizo zake zipezeka kuti, ndipo madzi adzapimidwa kangati. Gawo lina la malipiro lizisungidwa kufikira nchitoyo itaona nyengo ya mvula yathunthu. Pakati pa 2013 ndi 2018 dziko la America linathandiza ndi ndalama zokwana 355 miliyoni za madola pa nchito ya madzi, zonyansa ndi ngalande mu Lusaka, kuphatikizapo ngalande yaikulu ya Bombay ndi mapaipi a ku Mtendere. Cuma cotere cikapanda ndalama zocisamalira ndi ocotsa zinyalala okhulupirika, cimadzala matope ndi mabotolo.

Caciwiri ndi mitengo. Ciwerengero cimene cakhala cikuchulidwa kwa zaka zambiri ndi cakuti Zambia imataya nkhalango ya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 caka ciliconse. Timaloza cala ootcha makala, koma boma nalo limagula matabwa, milimo ndi nkhuni. Maphunziro aulere atayamba mu January 2022, ana anasefukira m'makalasi ndipo madesiki ambiri anagulidwa ndi ndalama za CDF. Ici ndi cinthu cabwino. Koma thabwa la desikiyo linacokera kuti? Wogula angathe kulamula kuti matabwa akhale a m'nkhalango zobzalidwa, monga za ZAFFICO ku Copperbelt, kapena okhala ndi cilolezo ca a dipatimenti ya nkhalango. Angathenso kulamula kuti mabenchi othyoka akonzedwe asanagule ena, ndiponso kuti m'masukulu ndi m'zipatala zophikira anthu ambiri mukhale macitofu osadya nkhuni zambiri. Amisiri a matabwa ndi oocherera zitsulo a mu msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, ndi ogulitsa matabwa pa msika wa Buseko ku Matero, angagwire nchito imeneyi. Desiki yopangidwa pafupi ikathyoka, mwini wake timamudziwa.

Cacitatu ndi mlimi ndi wamalonda wamng'ono. Pa 29 February 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cagwetsa tsoka m'dziko. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Madzi a ku Kariba anaphwa, magetsi anasowa, ndipo ofuna kuphika anathamangira ku mbaula. Kuyambira 2002 boma lakhala likuthandiza alimi ndi fataleza ndi mbeu, pulogramu imene tiidziwa ndi dzina lakuti FISP, ndipo mtima wake wakhala pa cimanga. Mlimi amabzala cimene apatsidwa ndi cimene cili ndi msika. Ngati ogula a boma, monga a FRA, masukulu odyetsa ana, zipatala ndi ndende, atamagula mapira, khobwe, nyemba ndi nsawa kwa makopaletivu a ku Chongwe kapena kuvuma, mlimi adzasintha-sintha mbeu popanda womukakamiza, ndipo nthaka idzapuma. Ansembe a Cijezwiti ku Kasisi akhala akuphunzitsa ulimi wa manyowa kwa zaka zambiri. Cosowa si nzeru, koma wogula.

Pamenepa tionjezepo nthawi. Fataleza wofika mu January ndi ndalama yotayika. Malipiro ocedwa miyezi isanu ndi umodzi amapha kopaletivu ndi mmisiri, cifukwa iwo anakongola kwa akalowa kuti agwire nchitoyo. Kampani yaikulu ingadikire, koma wamng'ono sangathe. Kulipira msanga ndi mbali ya kusamala za mawa.

Ena adzati zonsezi zidzakweza mitengo pamene dziko lili ndi nkhongole. Ndi zoona kuti paipi yolimba imadula pa tsiku logula. Koma ciwerengero cicitike pa zaka khumi, osati pa tsiku limodzi. Ena adzati malamulo oonjezera adzapatsa akatangale mpata watsopano wokondera anzao, ndipo adzatsekereza wamng'ono amene avutika kale ndi mapepala a PACRA, a ZRA ndi kulembetsa pa makina a intaneti a e-GP. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Sitinaiwale phokoso la 2017 pa magalimoto ozimira moto 42 ogulidwa pa 42 miliyoni ya madola. Ndiye cifukwa cake zofunika zikhale zocepa, zolembedwa m'mau osavuta, ndi zoti munthu angazipime. Mau akuti kampani ikonda cilengedwe sangapimidwe. Koma cikalata ca kopima madzi, cilolezo ca matabwa ndi tsiku la malipiro zingapimidwe.

Boma linapanga unduna woona za cilengedwe ndi cuma cosaononga mu 2021. Mtsogoleri wa dziko wakhala akunena kuti katundu agulidwe pa mtengo woyenera, akhale wabwino, ndipo afike pa nthawi yake. Cotsala ndi cakuti ZPPA ilembe zitatu zimenezi m'mapepala a thenda amene makhonsolo amagwiritsa nchito, iphunzitse ogula, ndipo caka ciliconse iuze mtundu zimene zatheka. Cimene sicinalembedwe mu kontrakiti, kontrakita sacicita.

Nanga ife akristu? Mu kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Francis anaphunzitsa kuti kuononga dziko ndi kuzunza osauka ndi cilonda cimodzi. Ku Kanyama, George ndi Chawama cilondaco ticiona ndi maso. Mapulojekiti a CDF amayambira m'makomiti a citukuko a m'mawodi. Mphakati uliwonse ungathe kutuma anthu awiri kumisonkhano imeneyi, ndipo a komiti ya Cilungamo ndi Mtendere pa parishi angasunge buku la nchito zonse za m'dera lao. Akafika kumeneko afunse mwaulemu kwa a kansala: cinthu ici cagulidwa zingati, cidzakhala zaka zingati, ndipo cikaonongeka tidzapita kwa yani? Akafunsenso mvula ikatha, ataona ngati ngalande ikali ciimire.

Mmera mpoyamba. Kolera ya mu January imabzalidwa mu June, pa tsiku limene munthu wina asaina pepala mu ofesi. Tikafuna kucepetsa maliro m'nyengo ya mvula, tikhalepo pa tsiku limenelo.