Mvula Yogwa Kumtunda Isapeze a Kumunsi Ali M'tulo

Alimi anzathu, dzinja likamayandikira zokambirana za m'makalabu mwathu zimakhala za mbewu, feteleza ndi ngongole. Chaka chino tikupempha kuti muwonjezerepo funso limodzi. Mvula yoopsa ikagwa m'mudzi mwathu pakati pa usiku, ndani adzadziwitse anzathu a kumunsi kwa mtsinje, ndipo adzawadziwitsa motani? Ife tikuti mbali ina ya yankho ili kale m'matumba mwathu. Magulu a pa WhatsApp omwe timauziranapo mitengo ya soya ndi tsiku la msonkhano angathe kupulumutsa miyoyo, ziweto ndi mbewu. Koma izi zingatheke pokhapokha titawakonza bwino, komanso boma litavomera kumvera zochokera kwa ife.

Tonse tikukumbukira zomwe zinachitika m'mwezi wa Marichi 2023. Namondwe wa Freddy, yemwe anatha masiku 36 asanazilale, analowa kachiwiri ku Mozambique chakufupi ndi Quelimane pa 11 Marichi, ndipo mvula yake inadzakhuthukira m'chigawo cha kummwera kwa dziko lino. Ku Nkulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Madera ambiri a dziko lino salandira mvula yochuluka chomwechi ngakhale m'dzinja lonse lathunthu. Mapiri anagumuka ku Soche mumzinda wa Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Chimanga chomwe chinali chitatsala pang'ono kukhwima chinapita ndi matope.

Sikuti chenjezo panalibe. Nthambi ya boma yoona zanyengo inalengeza za namondweyu masiku angapo asanafike, kudzera pa wailesi ndi pa masamba a mchezo. Vuto ndi lakuti chenjezo lochokera ku ofesi limatchula chigawo kapena boma. Katswiri wa zanyengo ali ku Blantyre angathe kudziwa kuti ku Phalombe kugwa mvula yamphamvu, koma sangaone kuti kamtsinje ka kuseri kwa dimba lanu kasintha mtundu ndipo kayamba kugubuduza miyala. Sangamve phiri likulindima. Woyamba kuona ndi kumva zimenezi ndi mlimi. Choncho n'kulakwa kumuona mlimi ngati munthu wongolandira uthenga wa zanyengo. Iyenso ali ndi uthenga woti atumize.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Madzi omwe amamiza minda ku Makhanga ndi ku Chiromo nthawi zambiri amakhala a mvula yogwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo amatsika ndi mtsinje wa Ruo kukakumana ndi Shire. N'chimodzimodzinso mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa, Linthipe ku Salima ndi North Rukuru ku Karonga. Kumunsi kungathe kukhala nyenyezi zili ngwee kumwamba, anthu n'kugona mtima uli m'malo, pomwe madzi ali kale m'njira. Pa mitsinje ikuluikulu ngati imeneyi madzi amatenga maola kuti afike kumunsi, koma uthenga wa pa foni umafika nthawi yomweyo. Maola amenewo ndi okwanira kudzutsa ana ndi okalamba, kutsekula khola la mbuzi, ndi kusamutsira matumba a chimanga ndi mbewu pamalo okwera.

Nzeru imeneyi si yachilendo kuno kwathu. M'chaka cha 2016 nthambi ya zanyengo inatsegula gulu la pa WhatsApp lotchedwa Malawi Weather Chasers, loti izitumizirapo zolosera zake ndi kulandirapo malipoti a momwe nyengo ilili m'madera osiyanasiyana. Tikuyamikira ntchito imeneyi. Koma gulu limodzi la pa WhatsApp silipitirira anthu 1,024, pomwe alimi ang'onoang'ono tilipo mamiliyoni. Njira yake ndi yakuti uthenga uziyenda monga momwe bungwe lathu limayendera kale: kuchokera ku kalabu kupita ku asosiyeshoni, kuchokera ku asosiyeshoni kupita kwa mlangizi ndi ku ofesi ya bwanamkubwa, kenako kubwereranso kwa mlimi.

Kuti izi zitheke, kalabu iliyonse isankhe anthu awiri odalirika oti azipereka malipoti a nyengo, ndipo mmodzi mwa iwo akhale mayi. Amayi ndiwo amakhala pamudzi ndi ana nthawi zambiri, ndiwonso amapita kumtsinje m'mamawa. Gulu la zanyengo likhale lapadera, losasakaniza ndi nthabwala, ndale, kapena malonda a zitenje, chifukwa chenjezo likakwiririka ndi mauthenga makumi asanu a moni limafika madzi atadutsa kale. M'gululo mukhale makalabu a mumtsinje umodzi, a kumtunda ndi a kumunsi, ngakhale atakhala a maboma osiyana. Mtsinje sudziwa malire a mfumu kapena a boma.

Lipoti labwino ndi lalifupi ndipo limanena zinthu zinayi: malo, nthawi, zomwe munthu waona ndi maso ake, ndi dzina la wotumiza. Kulemba kuti “kuno zavuta” sikuthandiza aliyense. Koma mukalemba kuti “mudzi wakutiwakuti, 9 koloko usiku, mvula yagwa kuyambira 4 koloko osakata, madzi akudutsa pamwamba pa mlatho,” wa kumunsi amadziwa chochita. Amene kulemba kumawavuta ajambule mawu m'chinenero chawo, kaya ndi Chichewa, Chisena, Chilomwe, Chiyao, Chitumbuka kapena Chinkhonde. Ngati mukujambula chithunzi, muonetsepo chinthu chodziwika monga mlatho, mjigo kapena sukulu. Koma musayandikire madzi othamanga chifukwa chofuna chithunzi, pakuti moyo wanu ndi wofunika kuposa lipoti.

Komwe kuli chipangizo choyezera mvula, chiwerengedwe 8 koloko m'mawa uliwonse, chiwerengerocho chilembedwe m'buku ndi kutumizidwa pa gulu. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndiye mnzanu akati kwagwa mamilimita 100, akutanthauza zidebe zisanu za malita 20 pa kamalo kakang'ono kameneko. Ganizirani madzi amenewo pa phiri lonse lomwe mitengo inatha. Pa mitsinje, midzi ina ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa ili ndi mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Kalabu yomwe ilibe mtengo wotere ingathe kugwirizana ndi akuluakulu a m'mudzi, omwe akudziwa pomwe madzi anafika zaka zam'mbuyo, n'kuika zizindikiro pa mzati wa mlatho.

Ena atifunsa kuti, nanga si pa mafoni pomwepo pamayenda mabodza? N'zoona. Ngozi ikachitika timalandira zithunzi zakale kapena za maiko ena zomwe wina walembapo dzina la dera lathu. Timalandiranso mauthenga a mawu oopseza omwe mwini wake sadziwika. Kuipa kwa bodza lotere n'kwakuti anthu akathawa kawiri popanda chochitika, ulendo wachitatu amangotembenuka pa mphasa. Mankhwala ake ndi lamulo losavuta. Kulosera za mawa ndi ntchito ya nthambi ya zanyengo, ndipo pa gulu pazitumizidwa zolosera zochokera kumeneko zokha. Ntchito yathu ndi kunena zomwe taona lero pamalo pomwe tili. Uthenga wopanda malo, nthawi ndi dzina woyang'anira gulu awuchotse, ndipo wotumiza mabodza mobwerezabwereza atulutsidwe ngakhale akhale wapampando.

Funso lina ndi lakuti, nanga omwe alibe mafoni a intaneti? Ili ndi funso lalikulu, chifukwa mamembala athu ambiri, makamaka amayi ndi okalamba, ali ndi mafoni a mabatani kapena alibiretu. Bandulo ndi yodula, ndipo nthawi yomwe foni ikufunika kwambiri ndi yomwenso magetsi ndi netiweki zimavuta. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lino linataya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi. N'chifukwa chake tikuti foni ingoyamba ulendo wa uthenga, isamalize yokha. Wolandira chenjezo aimbire a mfumu ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kuchoka apo ntchito ndi ya wenzulo, ng'oma, belu la kutchalitchi, chimkuzamawu cha kumzikiti, ndi achinyamata ogogoda khomo ndi khomo. Wailesi za m'madera monga Nyathepa ndi Gaka ku Nsanje, Mzati ku Mulanje ndi Chanco ku Zomba zikhale ndi munthu wawo m'magulu athu. Ndipo mudzi ugwirizane mvula isanayambe kuti kulira kwa wenzulo kukutanthauza chiyani, tithawira kuti, ndipo ndani adzanyamule agogo omwe sayenda.

Phindu la malipotiwa silithera usiku wa ngozi. Tonse tikudziwa mikangano yomwe imabuka pa kalembera wa anthu okhudzidwa, pomwe mlimi amene munda wake wakokoloka amapezeka kuti dzina lake palibe. Kalabu yomwe ili ndi buku la mvula ndi zithunzi za tsiku lenilenilo imalankhula ndi umboni. Umboni womwewo ndi wofunika matalala akang'amba fodya, mphepo ikagwetsa chimanga kapena kusasula madenga, ndiponso pa ng'amba. M'mwezi wa Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi kaamba ka chilala cha El Niño. Alimi omwe analemba masiku omwe mvula inadula amadziwa bwino tsopano mbewu yoyenera dera lawo, ndipo ali ndi poyambira akamakambirana ndi a inshuwalansi ya mbewu kapena obwereketsa ndalama.

Ife tikachita mbali yathu, aboma achitenso yawo. Choyamba, nthambi ya zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA zikhale ndi nambala yodziwika m'boma lililonse, yolandira malipoti a alimi ndi kuyankha usana ndi usiku nyengo ya dzinja. Mlimi akatumiza lipoti kangapo osayankhidwa amasiya. Chachiwiri, machenjezo azibwera m'zinenero zathu, azitchula mitsinje ndi mapiri, ndipo azinena zoyenera kuchita. Chachitatu, unduna wa zaulimi upereke zipangizo zoyezera mvula kwa alimi otsogolera ndi kuwaphunzitsa kawerengedwe kake. Chachinayi, bungwe la MACRA ndi makampani a mafoni agwirizane kuti kutumiza ndi kulandira uthenga wa ngozi kukhale kwaulere, ndipo thumba la ndalama lomwe linakhazikitsidwa kuti lifikitse mafoni ndi intaneti kumidzi liyambire madera omwe madzi amasefukira chaka ndi chaka.

Lamulo lathu loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera mu 1991 napolo atapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Lamulo latsopano linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2023, Freddy atangodutsa kumene. Kawiri konseko dziko linachita changu maliro atachitika kale. Bungwe lathu lipitiriza kukumbutsa aphungu ndi makhansala kuti lamulo limapulumutsa munthu pokhapokha likapatsidwa ndalama ndi kufika kumudzi.

Koma tisadikire kuti zonsezi zitheke kaye. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Pa msonkhano wa kalabu womwe ukubwerawu sankhani anthu anu awiri, lembani manambala a makalabu a kumtunda ndi a kumunsi kwa mtsinje wanu, songerani ndalama pang'ono za bandulo ndi zotchajira foni, ndipo mukaonane ndi a mfumu za wenzulo ndi malo othawirako. Alembi a makalabu apereke maina ndi manambalawo kwa atsogoleri a asosiyeshoni mvula yoyamba isanagwe.