Masewera Amene Amadikira Mnzako

M'makomboni a migodi ya ku Bindura, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, Chichewa chimamvekabe m'makomo ambiri. Makolo a anthu amenewa anachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, ena wapansi, ena kudzera mwa Mthandizi. Anafika ndi Gule Wamkulu, chilankhulo chawo ndiponso bawo, masewera a maenje 32 amene amafuna anthu awiri okhala moyang'anana pa nthawi imodzi.

Kukhala pamodzi kumeneku ndiko kwasowa masiku ano. Mgodi umagawa anthu m'mashifiti, kotero kuti wina akamatuluka pansi mnzake amakhala akutsika. Mu 2008 mgodi wa Trojan, womwe ndi wa kampani ya Bindura Nickel Corporation, unaima chifukwa cha kutsika kwa mtengo wa nickel ndi kugwa kwa chuma cha dziko. Unayambiranso mu 2012, koma mu 2024 boma linaika kampaniyo m'manja mwa woyang'anira wapadera. Mgodi ukaima, achinyamata amene anakulira limodzi amabalalika: wina ku Harare, wina ku Johannesburg, wina kumudzi kwa agogo ku Dedza.

Masewera ambiri a pa intaneti sangawathandize anthu otere, popeza amafuna kuti onse akhale pa kompyuta nthawi imodzi, magetsi alipo ndipo netiweki ikuthamanga. Aliyense amene anali mu Zimbabwe mu 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, akukumbukira kuti magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku.

Komatu pali mtundu wina wa masewera umene suthamangitsa munthu. Awa ndi masewera oseweredwa mosinthana, monga Civilization, amene Sid Meier anawatulutsa koyamba mu 1991. Wosewera amayamba ndi kagulu ka anthu, n'kumanga mudzi, kulima, kukumba migodi ya mkuwa, chitsulo ndi golide, kuchita malonda, kupangana mtendere kapena kuputa nkhondo. Civilization IV, ya mu 2005, imalola kusewera kudzera pa imelo. Munthu akamaliza mbali yake, kompyuta imasunga zonse m'kafayilo, iye n'kukatumiza kwa wotsatira. Wotsatirayo amatsegula ndi nambala yake yachinsinsi, amaona dziko lake lokha, amasewera, n'kupereka kwa winanso mpaka kafayiloko katabwerera kwa woyamba. Chofunika n'chakuti onse akhale ndi masewera a mtundu umodzimodzi. Intaneti imafunika mphindi zochepa chabe, zolandirira ndi kutumiza.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa kompyuta. Magulu osewera chess a ku London ndi ku Edinburgh anapikisana kudzera m'makalata kuyambira 1824 mpaka 1828, ndipo a ku Edinburgh anapambana. Mu 1963 John Boardman wa ku New York anayamba kuyendetsa masewera a Diplomacy kudzera pa positi. Imelo inangofupikitsa ulendo wa kalata.

Taganizirani anthu anayi amene anaphunzira sukulu imodzi ku Chipadze. Wogwira ntchito yausiku ku mgodi wa golide wa Freda Rebecca angasewere m'mawa asanagone. Wophunzira wa pa Bindura University of Science Education angasewere masana, wa ku Johannesburg madzulo ataweruka, ndipo wa ku Malawi tsiku limene wapeza data. Magetsi akazima palibe chotayika, kafayilo kamangodikira. Kompyuta yakale ndi yokwanira, chifukwa masewerawa anapangidwira makina a zaka pafupifupi 20 zapitazo.

Zovuta zake zilipo. Masewera amodzi angatenge miyezi yambiri, mwinanso kupitirira chaka, ndipo munthu mmodzi akangokhala chete onse amaima. N'chifukwa chake osewera ozolowera amayamba agwirizana malamulo: maola angati munthu angasunge kafayilo, ndani adzalowe m'malo mwa wodwala kapena wopita kumaliro, ndipo atani ndi wosowa osatsanzika. Palinso yesero la kubera. Wosewera ali yekha m'chipinda angathe kusuzumira zimene zili patsogolo, n'kutsegulanso kafayilo kuti asewere mwatsopano ngati sanaone kanthu. Pa bawo, dzanja lobisa njere limaonedwa ndi onse ozungulira. Pa imelo mboni palibe, chimene chimagwira masewera ndi kukhulupirika kwa munthu payekha.

Makolo ena sakondwa kuona mwana atakhala pa kompyuta, ndipo nthawi zina amanena zoona. Koma masewera otenga mphindi 20 pa tsiku, ophunzitsa kusunga chuma, kukonzekera za mawa ndi kusunga pangano, sangafanane ndi otchova juga a pa foni amene akumeza malipiro a anthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa wopupuluma ndiye amagonja.

Kale, amene anapita ku migodi n'kusiya kulemba kalata kwawo ankatchedwa matchona. Ambiri sanachite kufuna: mwezi unkadutsa wopanda nkhani yolemba, kenako chaka, mpaka manyazi n'kuwagwira. Kafayilo ka masewera kamapatsa munthu chifukwa cholembera mnzake ngakhale palibe nkhani. Kawirikawiri sikayenda kokha, pamwamba pake pamakhala mzere umodzi kapena iwiri: mayi ali bwanji, malipiro atuluka kodi, mvula yagwa kumeneko? Ndipo tsiku limene kafayilo kachedwa, pamakhala anthu atatu ofunsa chimene chachitika.