Galimoto yozima yokha pamsewu si "khalidwe lake", musatinamize

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Chilumba, ndi inu muli m'tauni koma mchombo munausiya kuno, iyi ndi yaitali koma werengani mpaka pansi.

Pali mawu amene ndatopa nawo pamsewu wathu wa M5. Mwakwera kagalimoto kakale, anthu anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, m'buti muli usipa. Kakuyenda bwinobwino, kenako zii, injini yazima yokha, timagetsi tofiira ta pa dashboard tayaka tonse. Dalaivala akupotokola kiyi uku akuseka, yalira, ulendo ukupitirira. Wina akafunsa, yankho lake ndi lomwe lija: "Imatero imeneyi bwana, ndi khalidwe lake." Ndiye tonse n'kuseka nawo. Khalidwe lake? Injini ya boti itazima kawiri pakati pa nyanja mwera ukuomba, alipo alovi amene angakwerenso mawa lake chifukwa mwini wake wati ndi khalidwe lake? Palibe. Nanga pamsewu timavomera chifukwa chiyani?

Galimoto ikazima ili pa liwiro, chimene mwataya si phokoso la injini lokha ayi. Chiwongolero chimalimba. Mabuleki nawo amadalira injini kuti afewe, ndiye ikazima mumatsala ndi kuponda kamodzi kapena kawiri, kenako amauma gwa ngati mwaponda mwala. Muli pa kamlatho kopapatiza, kutsogolo kukubwera thiraki ya shuga yochokera ku Dwangwa, masekondi atatu amenewo ndi maliro.

Ndikuuzeni zimene mawu ngati amenewa anachita ku America, dziko limene malamulo a pamsewu ndi okhwima kuposa athu.

Kampani ya General Motors, imene amaitchula mwachidule kuti GM, inkapanga timagalimoto totchipa totchedwa Saturn Ion ndi Chevrolet Cobalt. Ion inayamba ndi model ya 2003, Cobalt ya 2005. Ogula ambiri anali achinyamata ndi anthu a ndalama zochepa, ngati ife tomwe. Mkati mwa switch yolowetsapo kiyi muli kachitsulo kakang'ono ndi sipuling'i, ntchito yake kugwira kiyi kuti isasunthe mukaliza galimoto. M'magalimoto amenewa kachitsuloko kanali kofooka. Mukagunda bampu, kapena bondo likakhudza makiyi, kapena ngati mwapachika zinthu zambiri pa makiyipo, kiyi inkabwerera yokha kuchoka pa ON kupita pa ACC, paja pomvera wailesi injini itazima. Injini zii, chiwongolero gwa, mabuleki gwa. Choopsa kwambiri n'chakuti kiyi ikakhala pa ACC, ma airbag saphulika. Ndiye kachitsulo komweko kankayambitsa ngozi, komweko n'kukulandanso chokutetezera.

A kampaniyo ankadziwa. Mu 2004, Cobalt ikungotuluka kumene, antchito awo omwe anaona ikuzima bondo litagunda kiyi. Anachita chiyani? Mu December 2005 analembera ogulitsa magalimoto awo kuti aziuza makasitomala achotse zolemera pa makiyi.  Lipoti la loya Anton Valukas, amene kampaniyo inamulemba yokha kuti afufuze, linatuluka mu June 2014 ndipo linapeza kuti mainjiniya ankaona kuzimako ngati chinthu chongosowetsa mtendere kasitomala, osati nkhani ya moyo ndi imfa. Linapezanso kuti m'kalata ija anapewa dala kulemba liwu lachingerezi lotanthauza kuzima kwa injini, poopa kuti lingadzutse a boma. Mwaona? "Ndi khalidwe lake" yomweyo, kungoti iyi yavala tayi.

Mu 2006 injiniya amene ankayang'anira switch imeneyi anavomereza kuti isinthidwe. Kachitsulo katsopano kanatalikirapo ndi mamilimita 1.6 okha, kusiyana kwake kochepa kuposa njere ya mpunga wa Kilombero. Mtengo wake sunkafika ndi dola imodzi yomwe pa galimoto iliyonse. Koma anasintha mwakachetechete, nambala ya sipeyayo osaisintha, ndipo magalimoto amene anali kale pamsewu anawasiya choncho. Amene anaulula si boma. Mu 2010 namwino wina wa zaka 29 anafa pa ngozi ya Cobalt ku Georgia, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, atangoitenga kumene ku garaja komwe anakadandaula kuti ikumazima. Makolo ake anakana kuti mwana wawo ndiye analakwitsa. Loya wawo analemba injiniya wapadera amene anagula ma switch akale ndi atsopano, n'kuwamasula, n'kuwayeza. Nambala imodzi, zitsulo ziwiri zosiyana. Bodza linathera pamenepo.

Imene imandiwawa kwambiri ndi ya ku Texas. Mu 2004 mtsikana wina wa zaka 21 ankayendetsa Saturn Ion, inasiya msewu n'kukagunda mtengo, chibwenzi chake n'kufera pomwepo. Ma airbag sanaphulike. Boma linamuimba mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala, iye n'kuvomera, poti nayenso ankakhulupirira kuti analakwitsa ndi iyeyo. Zaka 10 akusenza imfa ya munthu amene ankamukonda. Khoti linamuyeretsa mu November 2014, zitadziwika kuti ngozi yake inali m'gulu la zija zoyambitsidwa ndi switch.

GM inayamba kuitanitsa magalimotowa mu February 2014, ndipo onse pamodzi anafika 2.6 miliyoni. Kumeneku ndiye amati recall: kampani kuvomera kuti chinthu chinalakwika ku fakitale, bweretsani tikonze ulere. Poyamba inkati anafa ndi anthu 13. Thumba la chipepeso limene ankayendetsa loya Kenneth Feinberg litamaliza kuwerenga, linavomereza imfa 124. Anthu 15 anachotsedwa ntchito. Mu 2015 kampaniyo inalipira boma la America madola 900 miliyoni. Wolowa m'ndende panalibe.

Ndikudziwa wina wayamba kale kulemba kuti aise, Cobalt yo ife sitinaionepo, athu ndi a ku Japan, Toyota siifa. Zoona, Cobalt kuno kulibe. Koma dekhani. Mu August 2010 Toyota inaitanitsa ma Corolla ndi Matrix oposa 1 miliyoni a 2005 mpaka 2008 amene anagulitsidwa ku North America, chifukwa kabokosi ka kompyuta koyendetsa injini kankatha kung'aluka mkati, galimoto n'kuzima ikuyenda. Fakitale iliyonse imalakwitsa. Nkhani ndi yakuti ikalakwitsa, kalata imapita kwa ndani?

Imapita kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa dziko limene galimotoyo inagulitsidwa ili yatsopano. Yanuyo inayenda zaka zambiri ku Japan, n'kugulitsidwa pa okushoni, n'kukwera sitima mpaka pa Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe, n'kudutsa m'manja mwa anthu atatu isanafike kwa inu pa Nkhotakota. Wa ku fakitale sakukudziwani. Ngati vutolo linadziwika galimoto itachoka kale ku Japan, kalata yake ilibe kolowera, koma vutolo lili nanu limodzi pamsewu.

Apa ndiye pali nkhani imene ikutikhudza ife a kunyanja kuposa a ku Dedza kapena ku Mzimba. Kampani ya ku Japan yotchedwa Takata inkapanga ma airbag a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Subaru ndi ena ambiri. Kuti airbag ifufume msangamsanga pamafunika mankhwala ophulika, ndipo iwo anasankha ammonium nitrate, yemwe uja amapezekanso mu feteleza. Mankhwala amenewa akakhala zaka zambiri pamalo otentha ndi a chinyontho amawonongeka, ndiye tsiku la ngozi amaphulika mopyola muyeso, chitini chake n'kusweka, zidutswa za chitsulo n'kuulukira kumaso ndi pakhosi pa dalaivala. Kagundidwe kakang'ono koti munthu akanatuluka n'kumakangana za bampala, munthu n'kufa. Ku Malaysia, dziko lotentha ndi la chinyontho, mayi woyembekezera anafa choncho mu 2014 mu Honda City ya 2003. Ku America kokha ma airbag okwana pafupifupi 67 miliyoni anaitanitsidwa. Takata inavomera mlandu wachinyengo mu 2017, chaka chomwecho n'kugwa. Boma la Japan linafika polamula kuti kuyambira May 2018, magalimoto a ma airbag oopsa kwambiriwo asamapatsidwe chiphaso choyendera pamsewu mpaka atakonzedwa.

Tsono taganizirani. Kutentha ndi chinyontho. Kodi akunena za kuti ngati si Salima mu November, Mangochi, Karonga? Galimoto ya 2005 yakhala pa dzuwa la pa Senga Bay zaka zonsezi, magalasi otseka, mkati ngati uvuni. Ndi angati mwa ife amene anafunsapo wogulitsa kuti airbag iyi inasinthidwa? Timafunsa za mileage, za matayala, za wailesi ngati ili ndi Bluetooth.

Sindikuti galimoto iliyonse yozima ndi mlandu wa fakitale. Zambiri timazipha tokha, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Mutu wa batire wogwedera, mwaukhoma ndi msomali. Waya wa earth wadyeka ndi dzimbiri, mwausiya. Fyuzi yapsa, m'malo mofufuza chimene chaiwotcha mwamangapo waya wa kopa, ndiye tsiku lina chopsa ndi galimoto yonse, poti ntchito ya fyuzi ndi kufa m'malo mwa mawaya. Ma spotlight ndi ma speaker mwalumikiza pa waya aliyense amene munamupeza pafupi, n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki. Thanki imayendera fungo la mafuta, malita awiri awiri a pa chigubu, pamene pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwewo. Ikatentha ndi kuzima, ikazizira n'kulira, kawirikawiri ndi sensa ya pa crank kapena pampu imene ikutsanzika. Zonsezi zili ndi mayina ndipo zimakonzeka. Palibe mfiti ya kwa aneba pamenepa.

Inu amakaniko ena, si nonse, timakulemekezani chifukwa mumadzutsa zinthu zoti kwina akanataya kale. Koma kuchotsa babu la check engine kapena la airbag kuti galimoto igulike, kumeneko ndi kuchita zomwe zija anachita a GM: kubisa chizindikiro, vuto n'kulisiya momwemo. Kusiyana kwake n'kwakuti amene adzafere m'galimotomo mumamudziwa, mwina mudzakhala nawo pa maliro ake n'kudya nsima.

Ndiye pali ichi chimene chimandiimitsa mutu. GM inalipira madola 900 miliyoni chifukwa chobisa zoti magalimoto ake ankazima okha. Ife kuno dalaivala amazimitsa dala. Pofika pa mtsetse, kiyi kwii, giya pa free, ati kupulumutsa mafuta. Anthu asanu ndi awiri m'galimoto, chiwongolero cholimba, mabuleki otsala kuponda kawiri, ndipo ngati kiyi wafika nayo pa ACC ma airbag nawonso agona. Akaibweza mopyola, m'magalimoto ena chiwongolero chimakhomeka. Mafuta amene wapulumutsawo sakwana ndi kapu. Ndipo magalimoto a masiku ano a injection, ukatsika uli mu giya phazi utalichotsa pa moto, kompyuta imadula mafuta yokha. Ndiye phindu lake lili pati?

A Road Traffic, pa COF paja mumayang'ana magetsi, matayala ndi mabuleki. Chassis number ili pa blue book pamaso panu. Chikuletsa n'chiyani kuti galimoto yolowa m'dziko muno iziyamba yaonedwa ngati ili ndi recall yosakonzedwa, monga achitira ku Japan komwe ikuchokerako? Ogulitsa magalimoto nanu, mumadziwa kuwerenga pepala la okushoni, musatiuze kuti izi zokha ndiye zakukanikani.

Podikira amenewo, chitani izi lero. Tengani chassis number, ili pa blue book ndi pa kachitsulo ka ku injini kapena pa chitseko. Toyota, Honda, Nissan ndi Mazda ali ndi masamba a pa intaneti a ku Japan pomwe mumalemba nambalayo n'kuona ngati pali recall imene sinakonzedwe. Zili m'Chijapani koma foni yanu imamasulira, bandulo yake ndi yochepa kuposa ya TikTok ya usiku umodzi. Mukapeza kanthu, jambulani, pitani nako kwa dealer wovomerezeka wa mtundu wa galimotoyo, mukafunse ndipo muumirire kuti akuyankheni molemba. Musanagule galimoto, ikani kiyi pa ON osaliza: kagetsi ka airbag kayake masekondi ochepa kenako kazime, ka check engine kayake mpaka injini italira. Kakapanda kuyaka n'komwe, wina anakagwira. Makiyi a golosale, a geti, a loko wa injini ya boti, chotsani pa kiyi ya galimoto.

Ikakuzimirani muli pa liwiro, musapope mabuleki, mukutha mphamvu yotsalayo. Pondani kamodzi mwamphamvu osasiya, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, yatsani ma hazard, tulukani mumsewu. Mukaima, isanyamulenso munthu mpaka chifukwa chake chitapezeka ndi dzina lake.

Ndipo mukakwera ya wina, mukutsika Khwekhwerere kapena Chiweta n'kumva injini yati zii dala, musanong'onezane kumbuyoko. Muuzeni mokweza kuti adala lizani galimoto. Akakana, aime mutsike, ndalama yanu akubwezereni.