ZA UMOYO WA BANJA: Mtima wa Khanda Umamvera Amai

Azimai ambiri amasweka mtima pamene khanda lao lobadwa masiku osakwana litembenuza nkhope kapena lilira kosatonthozeka. Ena amayesa kuti mwanayo wawakana. Koma akatswiri apeza kuti cina mwa zifukwa zake cimaonekera m'kagundidwe ka mtima wa mwanayo.

Mtima wa khanda umagunda nthawi 120 kufikira 160 pa mphindi imodzi. Umafulumira pang'ono mwana akamakoka mpweya, nucedwa akamautulutsa. Wolamula zimenezi ndi mtsempha wochedwa vagus, wocokera ku ubongo, umene umagwira nchito monga mabuleki a njinga. Mtsemphawu umakhwima m'masabata otsiriza a pakati. Cotero mwana wobadwa asanakwane masabata 37 amadza ndi mabuleki osalimba. Akadzidzimuka, mtima wake umacedwa kukhazikika, ndipo kutembenuza nkhope ndiko kupumula kwake.

M'caka ca 1978 katswiri wa ku America, Edward Tronick, anafalitsa zimene anaona atapempha azimai kuti aleke mwadzidzidzi kuseka ndi makanda ao, angowayang'ana duu. Makandawo anayesa kumwetulira, kenaka nkuyang'ana kumbali ndi kulira. Ofufuza ena anapeza pambuyo pake kuti panthawi yotere mtima wa mwana umathamanga, ndipo umayamba kutsika mai akabwereranso kumseketsa.

M'caka comweco, ku Bogotá m'dziko la Colombia, Dr Edgar Rey anasowa makina okwanira ofunditsa ana osakwana masiku. Anayamba kuwaika pacifuwa ca amai ao, khungu kukhudza khungu, njira imene ichedwa kangaroo. Ku Israel, Ruth Feldman ndi anzake anatsata ana 73 amene anasungidwa motere masiku 14, nawayerekeza ndi anzao 73 amene sanatero. Mu 2014 analengeza kuti pa zaka 10 ana a gulu loyambalo anali kugona bwino, ndipo mtsempha uja unali kugwira nchito bwino koposa. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti njirayi iziyamba mwana atangobadwa.

Motero mai asadziimbe mlandu. Amuike mwana pacifuwa, alankhule naye motsitsa mau, ndipo akatembenuza nkhope amdikire. Atate ndi agogo nawonso angamnyamule motere, ndi kulandira mai nchito ya mtondo ndi ya kumadzi. Koma khanda lobanika popuma kapena lokana kuyamwa lithamangitsidwe ku cipatala tsiku lomwelo.