Galasi Lodetsa Thambo: Kodi Wojambula Malo Akulifunabe?

Diso la munthu lili ndi mphatso imene kamera sinapatsidwe, pakuti munthu akaima pamchenga wa ku Senga Bay m'bandakucha, dzuwa likutuluka kutsidya kwa nyanja, amaona bwino kufiira kwa mitambo pamodzi ndi mabwato a asodzi amene ali mumthunzi pagombe. Koma akati ajambule, kamera imamkakamiza kusankha chimodzi. Akasunga thambo, mabwato aja amada bii. Akasunga mabwato, thambo limayera mbee ngati pepala losalembapo kanthu.

Vutoli nlakale ndithu. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France, pojambula nyanja ku Sète, ankatenga zithunzi ziwiri, china cha madzi china cha thambo, n'kuzilumikiza papepala limodzi. Odza m'mbuyo mwake anapeza njira yachidule, ndiyo galasi lamakona anayi, lodera kumtunda ndi loyera kumunsi, limene ojambula amalitcha graduated ND. Amalilowetsa m'chogwirira kutsogolo kwa lenzi, n'kumalikweza kapena kulitsitsa kufikira malire a mdimawo atagwera pamene thambo likumana ndi dziko. Lolembedwa 0.3 limachotsa theka la kuwala kwa thambo, ndiyo sitopu imodzi, la 0.6 limasiya gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo la 0.9 limodzi mwa 8. Lina malire ake ngoonekeratu, lina mdima wake umazimirira pang'onopang'ono.

Masiku a filimu panalibe wokana galasili. Filimu ya Velvia, imene Fuji anatulutsa mu 1990, inali yokoma mitundu koma youma mtima, yosasenza kusiyana kwa kuwala kopitirira masitopu asanu kapena cha pamenepo, ndipo chimene chajambulidwa chinali chomwecho. N'chifukwa chake Galen Rowell, wojambula mapiri wa ku America, sankasiyana nawo magalasiwa, mpaka kampani ya Singh-Ray inapanga ena otchedwa dzina lake. Lee ya ku England ndi Cokin ya ku France nazonso zinawafalitsa.

Otsutsa lero sali opanda mfundo. Akuti makamera abwino amakono amasenza masitopu oposa khumi, ndi kuti kuyambira 2008 pulogalamu ya Lightroom ili ndi chida chochita ntchito yomweyo pakompyuta, chimene munthu angathe kusuntha, kuchepetsa kapena kuchotseratu mawa akasintha maganizo. Kusiyana kukakula, amajambula zithunzi zitatu, chodera, chapakati ndi chowala, n'kuziphatikiza, ndiko kubwerera kwa Le Gray pakhomo lina. Koma mfundo yawo yoluma koposa ndi iyi: malire a galasi ngoongoka, pamene dziko limene Namalenga anaumba si loongoka ayi. Tayesani kujambula thanthwe la Chambe ku Mulanje muli m'minda ya tiyi. Galasi lidzadetsa thambo, inde, koma lidzadetsanso mutu wa phirilo n'kusiya tsinde likuwala, ndipo aliyense wodziwa Mulanje adzaona kuti pali bodza. Mlambe woima pawokha m'chigwa cha Shire nawo umatuluka wakuda nthambi, woyera thunthu. Mdima woterowo ukalowa m'chithunzi, kuuchotsa ndi ntchito ya thukuta. Onjezeranipo mtengo wogulira galasilo, fumbi la mu October limene limakanda galasi, ndi magalasi otchipa amene amapaka mitambo mtundu wofiirira umene kunalibe.

Komabe oteteza galasili ali ndi mawu amodzi amene kompyuta sinawayankhe. Kuwala kukapyola muyeso, malo amenewo m'chithunzi amakhala opanda kanthu konse, ndipo palibe pulogalamu ingabweze mtambo umene kamera sinaulembe. Madzi akatayika saoleka. Wina adzati jambulani moderapo kuti thambo lipulumuke, kenaka mudzawalitse mithunzi. Zimatheka, koma mithunzi yokokedwa kwambiri imatuluka ndi timadontho, mitundu yake itazilala. Nakonso kuphatikiza zithunzi zitatu kumafuna kuti dziko liime chilili, pamene mafunde a mwera, mabango ndi msodzi wopalasa bwato sadikira munthu. Wojambula vidiyo ndiye alibiretu mwayi wotero. Pamenepo galasi limamaliza zonse m'chithunzi chimodzi, mwini wake akuona ndi maso ake ali pomwepo, osayembekezera kukadziwa usiku kunyumba ngati ulendo wapindula.

Alipo ena amene amaonjeza kuti galasi ndi njira yoona ndipo kompyuta ndi chinyengo. Amenewa sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Ansel Adams, amene anajambula mwezi ukutuluka ku Hernandez mu 1941, ankadetsa thambo lake ndi manja m'chipinda chamdima potsuka chithunzicho, ndipo palibe amamutcha wonama. Kudetsa thambo kutsogolo kwa lenzi kapena kumbuyo kwake, konseko ndi dzanja la munthu likuyesa kubweza chimene diso linaona.

Ine ndiona kuti ufumu wa galasili wachepa, ngakhale sunathe. Kumapiri a Mulanje, Zomba ndi Dedza ndingalisiye m'chikwama. Mnyamata kapena mtsikana amene angoyamba kumene, ndalama zake zili zowerengeka, ayambe wagula choimikapo kamera cha miyendo itatu ndi kuphunzira kujambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yalemba. Koma ngati ntchito yake ili kunyanja, kumene madzi ndi thambo zikumana pamzere woongoka ndipo zonse zili pansi pake zikuyenda, agule galasi limodzi la 0.6 kapena 0.9 la malire oonekeratu; akamapita ku Cape Maclear, kumene zilumba za Thumbi ndi Domwe zimadula mzerewo dzuwa likamalowa, lozimirira pang'onopang'ono ndilo lidzamthandiza.