Za M'banja: Mayi Woumba ndi Mwana Wake

Amayi inu okhala ndi mwana woyamba kumene kuyenda, tcherani khutu. Mukatha kusinja ndi kutunga madzi, nimukhala pakhonde kuumba mbiya, mwanayo adzafika ndithu kudzatapa dothi lanu la kumtapo. Musamkalipire, musammenye. Mpatseni kadothi kakekake, aumbe ng'ombe yake yopanda miyendo. Pakuti dzanja lozolowera kuumba silifulumira kuswa.

Koma tsiku lootcha mbiya, mwanayo akhale kumsana kwa agogo ake, popeza phulusa looneka lozizira limabisa makala amoto, ndipo kaphazi kanthete sikachedwa kupsa.

Inunso abambo, musayese ntchito imeneyi chibwana: mphika wophikira ndiwo zanu unatuluka m'manja omwewo. M'mera mpoyamba.